Si Wantchito, Ndi Mwana Wathu

"Ukapita kukawafunsa zimenezo, pakhomo pano usadzapondenso," anatero mchimwene wanga Crispin akuloza mwana wake ndi supuni.

"Ndiye ndikafunse ndani, Tay? Njati yanu yolimira ija?" anayankha Genalyn, amene bambo ake amawaitana Tay monga ana onse kuno.

Ine ndinali nditaima pabwalo ndi kambale m'manja, ati kudzapempha mchere. Mudzi wonse umagula mchere pa kagolosale kanga, koma munthu sungalowe pa mkangano wa eni chimanjamanja. Phokosolo ndinalimvera kutsidya kwa msewu, ndipo ine Doring phokoso likandipitirira osadziwa mutu wake, chakudya sichitsika.

Genalyn anali atakhala pa makwerero a nsungwi, envulopu ya pulasitiki ataikumbatira pachifuwa, fumbi la basi ya ku mzinda wa Iloilo likadali kumapazi. Envulopuyo ndinkaidziwa bwino. Chiyambire nyengo yodzala mpunga mwanayu anali akuzungulira m'maofesi: kalata ya kubadwa, kalata ya kupolisi, ya kuchipatala, pasipoti, chilichonse ndi mzere wake ndi dzuwa lake. Ofesi ina ya ku Iloilo inkafuna anthu okasamalira okalamba ku Japan, ndipo mayeso onse anakhoza. Chinatsala chinali chimodzi, umboni woti ntchito yosamalira wodwala anaigwirapo kale. Pamenepo tonse tinati zatheka, chifukwa Genalyn analowa m'nyumba ya a Purita akadali kamtsikana, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndiye amene ankasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza Lolo Teban, monga timawaitanira agogo amenewo, bambo awo a Purita, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. A Purita ndi amayi ake a ubatizo, Ninang wake. Kalata anamusainira popanda vuto lililonse.

"Ndiye chavuta n'chiyani?" ndinafunsa ine Tiya wake, azakhali ake, za mchere nditaiwala.

"Aku ofesi anawaimbira foni, Tiya. Amatero ndi aliyense, kuti amve ngati kalata ikunena zoona. Mtsikana wa pa desiki uja wandiuza mawu ake enieni. Anafunsa kuti, 'Kodi Genalyn amagwira ntchito kwa inu?' Ninang akuti, 'Ayi, mwalakwitsa. Kuno tilibe wantchito. Ameneyo ndi mwana wathu.'"

"Wamva, Doring?" anatero Crispin. "Munthu wamkulu ngati a Purita kunena ndi pakamwa pawo kuti mwana wa Crispin ndi mwana wawo! Wina akanagwada n'kuthokoza. Uyu akufuna akawazenge mlandu."

"Tay, wosamalira agogo ake samamuwerengera. Akuti aliyense amasamalira agogo ake, imeneyo si ntchito. Tsopano kalata ikunena zina, mwini kalata akunena zina, wabodza akhala ndani? Ine. Anandiyang'ana ngati kalatayo ndachita kugula kuseri kwa msika."

"Ndiye malo ako apita?" ndinafunsa.

"Andisungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Adzaimbanso kamodzi kokha. Ninang akadzabwereza zomwezo, dzina langa alichotsa, ndipo akuti amene kalata yake yakayikitsa samamulandiranso."

Crispin anaponya supuni m'mbale. "Mpunga wadya lerowu wamera m'munda wa ndani? Nyumba ino yaima pamalo a ndani? Mayi ako atamwalira anayamba kufika pano ndani? Iwe ukuona Japan, ine ndikuona kumene ndidzalime chaka chamawa."

"Ndiye ndikalambire momwemo, Tay? Anzanga onse ali ndi makomo awo, ine ndilibe ngakhale mpando wanga."

"Uli ndi ulemu wa banja lija."

"Ulemuwo ndikaupereke pa zenera liti la ofesi?"

Crispin anatsika n'kupita kukamwetsa njati imene anali ataimwetsa kale. Ine ndinabwerera ndi kambale kanga kopanda kanthu koma mutu utadzaza. Zoti a Purita angakane kusaina ndikanazimvetsa. Koma kusaina ndi dzanja kenako kukana ndi pakamwa, chimenecho chinandisowetsa mtendere.

M'mawa mwake ndinatenga mazira angapo m'golosale n'kulunjika ku nyumba ya simenti ya pafupi ndi tchalitchi. A Purita anali mphunzitsi, theka la mudzi uno linadutsa m'manja mwawo, ndipo ngakhale anapuma kalekale, akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kuganiza za chimene walakwa. Ndinawapeza pakhonde akumwa khofi.

"Doring! Mazira ndinaitanitsa ine?"

"Ayi, Manang," ndinatero, monga timaitanira mayi wotiposa msinkhu. "Nkhuku zaikira mopitirira, ndiye ndati mwina Lolo angakonde."

"Iwe ulibe nkhuku. Khala pansi, funsa chimene wabwerera."

Ndinakhala. Pa zenera la chipinda cha m'mbali ndinkamuona Genalyn atawerama pa bedi, dzanja limodzi pansi pa phewa la nkhalamba, lina m'chiuno, akuwatembenuza mosavutikira ngati akutembenuza pilo, uku akuwauza nkhani ya tambala amene analuza pa ndewu ya atambala Lamulungu. Nkhalambayo inkaseka ndi theka la kamwa.

"Ndamva kuti aku Iloilo anaimba," ndinayamba.

"Anaimba. Kamtsikana kopanda mwambo. 'Kodi ndi wantchito wanu?' ngati akufunsa za makina ochapira. Doring, mwana uja ndinamunyamula ndi manja awa pamaso pa wansembe, madzi a ubatizo anandinyowetsera diresi. Ndiye ndiuze mlendo pa foni kuti ndi wantchito? Lilime likanakana."

"Koma kalata munasaina."

"Pepala ndi pepala. Anabwera nalo lolembalemba, ndinasaina kuti asakhumudwe. Koma mawu otuluka m'kamwa Mulungu amawamva."

"Nanga mwezi ukatha mumamupatsako kanthu?"

"Ya sopo ndi mafuta, inde. Pa Khirisimasi diresi. Akadwala mankhwala. Mwana sumamulipira, Doring, umamusamalira. Iwe Crispin akakukonzera denga umamulembera risiti?"

Apo anandigwira, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo munali misozi yeniyeni. Ndinangotsala pang'ono kupepesa n'kunyamuka. Koma iwo anamwa khofi n'kupitiriza okha.

"Ndipo masiku ano kuli malamulo a boma aja. Ukangoti uli ndi wantchito, mawa akutuma kukamulembetsa, mkuja akufunsa za zaka zonse zapitazi. Ine wopuma pantchito ndiyambe kuima m'mizere?" Anayang'ana ku zenera kuja. "Komanso akapita, Papa adya bwanji? Ine ndikawapatsa supuni amatseka pakamwa. Charisse mwana wanga ali ndi ntchito yake ku Manila, sangaisiye."

"Genalyn nayenso wapeza yake, Manang."

"Kukachapa nkhalamba za eni, pamene kuno ali kwawo? Mazirawo siya kukhitchini."

Ndinatuluka pa chipata ndi mayankho atatu pa funso limodzi. Kaya chinali chikondi, kaya mantha a boma, kaya supuni ya Lolo Teban, sindinadziwe. Chimene chinandizunguza n'chakuti onse atatu anawanena ndi nkhope imodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti akanalumbira pa lililonse osaphethira.

Patapita masiku angapo ndinamuperekeza Genalyn ku ofesi ya mudzi, poganiza kuti mwina kalata ya kumeneko ingathandize foni ikadzalephera. Tinapeza mlembi, Efren, akusenda mtedza wowiritsa pa desiki, fani ikumuuluzira makoko.

"Ndikhoza kulemba kuti amakhala m'nyumba imeneyo," anatero atamva nkhani yathu, "ndi kuti ndi wa khalidwe labwino. Zoti amagwira ntchito, ayi."

"Efren, iwe sunamuonepo akukankha njinga ya olumala ya Lolo Teban kupita ku Misa? Sunamuonepo akuyanika matewera?"

"Ndamuona, Tiya Doring, koma maso anga alibe chidindo. Buku lolembamo antchito a m'nyumba lilipo, onani." Analisolola pansi pa mulu wa mapepala, n'kulipukuta fumbi ndi chigongono. Masamba onse anali oyera. "M'mudzi muno mulibe wantchito ndi mmodzi yemwe. Muli ana okhaokha."

Anaseka yekha, nanenso ndinatsala pang'ono kumuthandiza.

"Nanga kamtsikana kamene kamachapa kwa amayi ako kaja?" ndinamufunsa.

Kuseka kunathera panjira. "Ameneyo ndi msuweni wathu, Tiya."

Pobwerera ndinayamba kuyang'ana nyumba za m'mudzi ngati ndikuziona koyamba. Kwa Kapitan, mkulu wa mudzi, kuli mdzukulu wochokera kumapiri amene sukulu amangoimvera belu. Kwa mwini chigayo cha mpunga kuli mwana wa alamu amene amagona pa mphasa pafupi ndi firiji. Nyumba iliyonse ya simenti inali ndi wachibale wake wodzuka m'mamawa, ndipo palibe amene anali wantchito. Ndinafuna kumuuza Genalyn zimenezi, koma iye anali akuyenda maso ali pansi, milomo ikugwedera ngati akuwerengera china chake. Titafika pagolosale anakhala pa benchi.

"Tiya," anatero, "mwana wa m'nyumba ija ndimamudziwa mmene amakhalira. Charisse akabwera ku tchuthi ndine ndimamuperekera khofi. Amadzuka dzuwa litakwera, amadyera patebulo, kapu amaisiya pamene wamwera. Kuchipinda kwa Lolo amalowa kukawapsompsona pamphumi, fungo likamupeza amatuluka."

"Ndiye?"

"Mundigulitse kyutekisi wofiira uyo."

"Iwe, zikhadabo zako zimakhala m'madzi tsiku lonse, kyutekisi akhalapo bwanji?"

"Akhalapo, Tiya. Ninang anena kuti ndine mwana. Ndine ndani kuti ndiwatsutse?"

Ndinamvetsa: ntchito yonse ya m'nyumba ija aisiya, akhale ngati mwana. "Nanga Lolo?"

Anatenga kabotolo ka kyutekisi kaja. "Ndiwaphunzitsa Ninang. Bambo ndi awo."

Sabata imeneyo ndinagulitsa zakumwa zambiri kuposa pa chikondwerero cha mudzi, chifukwa aliyense wodutsa kufupi ndi tchalitchi ankabwera kudzatula zimene waona pa benchi yanga. Mayi wogulitsa nsomba anamupeza Genalyn pakhonde, miyendo pa kampando, akupemerera zikhadabo kuti ziume. Atamufunsa ngati atenga nsomba, anayankha kuti, "Funsani Ninang, ine za kukhitchini sindizidziwa." Mnyamata wa njinga yamoto anamuona pabalaza masana dzuwa likuswa mtengo, akuonera sewero pa TV. Wina anaona a Purita akuyanika okha zovala, nsalu za pabedi zikukhudza pansi. Mpunga wopserera tinaununkhiza mpaka m'tchalitchi.

Poyamba a Purita akuti anaseka, n'kumati mwana watopa, apume. Kenako anamugulira mankhwala a mutu. Ataona kuti wodwala mutuyo akudya bwino, komanso akudyera patebulo moyang'anizana nawo, anangokhala chete, ndipo chete wa a Purita aliyense amene anadutsa m'kalasi mwawo amamudziwa. Anthu anagawikana. Ena ankati mwana wa Crispin wapenga ndi Japan, ena ankati wachita mwano kwa munthu amene anamulera. Atsikana a m'nyumba za simenti aja sankanena kanthu, koma ndinaona kuti akabwera kudzagula sopo ankachedwa kuchoka.

A Purita anamuitanitsa Crispin. Sanamukalipire. Anangomufunsa kuti mpunga ukucha bwanji chaka chino, ndi kuti kodi mundawo sukumulemera pa msinkhu wakewu. Mchimwene wanga anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kupita kukamuchonderera mwana wake. Genalyn anamulandirira pabalaza.

"Khalani pansi, Tay, ndikupatseni khofi."

"Ndikhale pati? Apa?" Crispin chibadwire anali asanadutsepo khitchini ya nyumba imeneyo, ndipo anaima pakhomo chipewa chili m'manja. "Genalyn, ukundivula pamaso pa anthu. Dzuka ukagwire ntchito."

"Ntchito yanji, Tay? Si paja munati ndithokoze kuti ndine mwana?"

Anabwera kudzandiuza zimenezi, akuti ine ndi amene ndamuwononga mwana ndi kyutekisi wanga.

Koma ine ndekha ndimadziwa kuti mwanayo sankasangalala. Madzulo ena anabwera pagolosale, ndipo ngakhale ankati akudya bwino, masaya anali atalowa.

"Lolo akamandiitana, Tiya, 'Gening, Gening,' ndimalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ndisamve. Dzulo ndinaima pakhomo ndikuwauza Ninang kuti dzanja lilowe pansi pa phewa, asawakoke mkono. Lolo ankangondiyang'ana. Phala akulilavula."

"Ndiye siya, mwana iwe. Munthu angafe."

"Anene chimodzi, Tiya. Ngati ndili mwana, ndikhale ngati mwana. Ngati ndili wantchito, anene pa foni. Zonse ziwiri zandikwana."

Ine mtima unandigawikira pakati. Ndinkafuna mwana wa mchimwene wanga apite, ndinkamvera chisoni nkhalamba yosalakwa ija, komanso, ndisaname, ndinkafunitsitsa kuona kuti pakati pa awiriwa ayamba kugonja ndani. Mwezi unali ukupita kumapeto ndipo palibe amene ankaoneka kuti afooka.

Unali mwezi wa Kolona, pamene chifanizo cha Amayi Maria chimayenda khomo ndi khomo. Chikafika pakhomo pako azimayi a m'mudzi amabwera kudzapemphera, ndipo pamapeto eni nyumba amatulutsa kachakudya. Kwa a Purita chaka chilichonse kumakhala pansit, supageti wokazinga wa kuno, ndi makeke a mpunga, ndipo n'chifukwa chake tsiku lawo palibe amene amadwala. Chaka chino tinadzaza pabalaza mpaka ena kuima pakhonde. Onse ankati abwera kudzapemphera.

Zaka zonse Genalyn pa nthawi imeneyi amakhala kukhitchini, mapemphero amawamvera pa phokoso la chiwaya. Tsikulo anatuluka atavala diresi la Khirisimasi, n'kudzagwada kutsogolo, pafupi ndi a Purita, pamalo a ana a m'nyumba. Kukhitchini kunali zii, ngakhale kafungo ka adyo. Azimayi anayamba kugundana zigongono. A Purita anali atawonda, tsitsi losapesa bwino, ndipo pogwada anagwira msana.

Tili mkati mwa mapemphero mawu anamveka kuchipinda cha m'mbali.

"Gening!"

Tinapitiriza. Kenako fungo linatipeza, ndipo aliyense anadziwa chimene chachitika pa bedi paja.

"Gening! Gening!"

"Pita," ananong'ona a Purita, maso ali pa chifanizo.

"Ndikupemphera, Ninang."

"Ndati pita."

"Charisse akanakhala pano mukanamutuma, Ninang?"

Wotsogolera pemphero anakweza mawu kuti aphimbe, koma nayenso makutu anali komweko, moti anabwereza mzere umene tinali titanena kale. Nkhalamba inayamba kulira, kulira kwa munthu wamkulu amene wachita manyazi. Ndinaona zala zofiira za Genalyn zitafinya mikanda ya kolona. A Purita anadzuka mogwira mpando.

"Iwe! Ukudziyesa ndani?" Mawu awo anali a m'kalasi aja, ndipo pemphero linaduka ngati wazimitsa wailesi. "Ukutchula Charisse? Ukudziyerekeza ndi Charisse iwe? Ndinakutenga kwa bambo ako uli ndi nsabwe m'mutu kuti uzidzachapa matewera a Papa, osati kudzagwada pambali panga! Wadya zanga, wavala zanga. Ndiwe wantchito, wamva? Wantchito! Dzuka ukagwire chimene ndinakutengera!"

Ine mumtima ndinavina. Mawu aja atuluka, ndipo atulukira pamaso pa azimayi a mudzi wonse, mkazi wa Kapitan ndi amayi ake a Efren ali pomwepo, ndi Amayi Maria omwe. Ndinatembenuka kuti ndimutsinzinire diso Genalyn.

Sanandione. Anali akuyang'ana a Purita pakamwa, nkhope itatuwa ngati phulusa. Anadzuka pang'onopang'ono, anaika mikanda yake patebulo, n'kulowa kuchipinda kuja. Tinamva madzi akuthiridwa m'beseni, ndi mawu ake otsika: "Ndabwera, Lolo. Pepani. Ndabwera." Kulira kunaleka. Tinamaliza mapemphero mothamanga ndipo palibe amene anafunsa za pansit.

Tsiku lotsatira Genalyn anaimbira aku Iloilo kuti akhoza kufunsanso, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze kukatenga katundu wake. Sanali wambiri, chikwama chimodzi ndi katoni. Asanamange anawasambitsa Lolo, anawameta ndevu, anawadyetsa phala mbale yonse, ndipo anakhala nthawi yaitali akumuonetsa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene a Purita anamuitanitsa m'mawa womwewo, mmene angawatembenuzire. Mayiyo asanalowe n'komwe anali atafunsa kale za malipiro ndi tsiku lopuma, ndipo a Purita anavomera zonse popanda kutsutsa.

Foni inalira tili pakhonde. A Purita anaiyang'ana, anatiyang'ana ife, n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Tikufunsa za Genalyn, amayi," anatero mtsikana wa ku ofesi. "Ulendo watha munati si wantchito wanu."

"Ndinalakwitsa. Ndi wantchito wanga."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka khumi ndi chimodzi."

"Ntchito yake inali yotani?"

"Kusamalira bambo anga, ofa ziwalo. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, mankhwala, zonse. Zaka zonsezi sanatulukepo chilonda cha pamsana ndi chimodzi chomwe. Ntchito amaidziwa."

"Pali ubale uliwonse pakati pa inu ndi iye?"

A Purita anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Genalyn anali ataima chikwama chili paphewa.

"Palibe," anatero a Purita.

"Zikomo amayi, zakwana. Muuzeni abwere Lolemba ndi pasipoti."

Genalyn anayandikira kuti atenge dzanja lawo aliike pamphumi, monga mwana amachitira potsanzika kwa wamkulu. A Purita anali atatembenuka kale, akufunsa mayi watsopano uja ngati wapeza pamene pamakhala sopo.

Tinatuluka pa chipata, ine nditasenza katoni. Chimwemwe chinkandisefukira ndipo pakamwa panga sipanatseke. Ndinamuuza kuti wawina, kuti mudzi uno sunaonepo zotere, kuti bambo ake adandaula lero koma mawa adzanyadira, kuti ku Japan akuti kumazizira ndiye tiyambe kufunafuna majuzi. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa chigayo. Titafika pa kamlatho ka ngalande ya m'minda anaima n'kutsitsa chikwama.

"Tiya, mukudziwa chimene ndinadziuza tsiku lija ndinagula kyutekisi?"

"Kuti uwafinya mpaka anene."

"Ayi." Anapukusa mutu. "Ndinati mwezi ukatha asananene, Japan ipite. Ndinati akapirira, akawachapa okha bambo awo mpaka tsiku lomaliza koma osanditchula wantchito, ndiye kuti n'zoona, ndipo ndikhala. Ndikanawasamalira Lolo mpaka kuwaika m'manda, kenako Ninang yemwe, osapemphanso kalata kwa munthu."

"Iwe mwana, ukunena chiyani? Nanga mizere yonse ija? Nanga pasipoti?"

"M'mawa uliwonse ndikadzuka ndinkapemphera kuti lero asanene, Tiya." Misozi inali ikutsika koma mawu ake sananjenjemere. "Ndinkafuna ndiluze."

Ine Doring, amene sindisowa chonena, ndinatula katoni pansi n'kukhala pa kamlathopo pambali pake.